Kodi Bauti Lingadzimasule Lokha?

Ana anga, kodi munthu angapange galimoto yeniyeni pakhomo pake? Sindikunena ya mawaya imene mumathamangitsa pabwalo ayi. Ndikunena ya injini, yolira vuuu, yoti munthu wamkulu n'kukhalamo. Eya, angapange! Ku Britain alipo anthu ambiri amene amachita zimenezi. Amagula zitsulo zake zili m'mabokosi. Kenako amazilumikiza okha m'galaja, madzulo akaweruka kuntchito. Ena amamaliza m'miyezi yochepa. Ena zimawatengera zaka.

Nanga galimoto yotere imaoneka bwanji? Imodzi yotchuka kwambiri dzina lake ndi Lotus Seven. Inatuluka mu 1957. Anaiyambitsa ndi bambo wina dzina lake Colin Chapman. Ndi yaifupi, ya mipando iwiri, ndipo mphepo imakuomba kumaso ukamayenda. Mu 1973 kampani ya Caterham inatenga ntchito yoipanga. Mpaka lero munthu akhoza kuigula ili zidutswazidutswa. Tawerengani, papita zaka zingati kuchokera mu 1957? Kawirikawiri imalemera makilogalamu 500 ndi kanthu basi. Tiyerekeze kuti aliyense wa inu amalemera makilogalamu 30. Mutasonkhana ana 20, mungaipose kulemera!

Tsopano tsinzinani pang'ono. Galimotoyo mwapanga ndinu. Mwaipaka mtundu umene mumaukonda. Mukutsika nayo phiri, ndipo ikuthamanga bwino. Mwadzidzidzi nkhosa yalowa pamsewu. Kodi pamenepo mukufuna chiyani? Injini yamphamvu? Ayi. Mipando yofewa? Ayinso. Mukufuna mabuleki. Mukufuna kuti mukaponda, galimoto imvere pompo.

Kodi mabuleki amaimitsa bwanji galimoto? Kuseri kwa tayala kuli chitsulo chozungulira chaphanthiphanthi. Amachitcha disiki. Tayala likamazungulira, nayonso imazungulira. M'mphepete mwa disikiyo muli chopanira, chimene amakaniko amati caliper. M'kati mwake muli timapadi tiwiri, kena mbali iyi, kena mbali inayo. Dalaivala akaponda mabuleki, mafuta amakankhidwa m'timapaipi. Mafutawo amakankha timapadi tija. Timapadito timapana disiki, ndipo tayala limaleka kuthamanga. Tayesani nokha. Mnzanu azizungulitsa mbale ya pulasitiki pamphasa. Inu muipane m'mphepete ndi zala ziwiri. Yaima, eti?

Koma mwamva chiyani pamene mumaipana? Mbale ija inakoka dzanja lanu. Inafuna kupita nalo. Disiki nayo imatero. Imafuna kukoka chopanira kuti zizungulire limodzi. Ndiye chimagwira chopaniracho n'chiyani? Apa ndi pamene ine ndimadabwa nthawi zonse. Pa magalimoto ambiri ndi mabauti awiri okha! Kunenepa kwake ndi mamilimita 10 kapena 12. Tengani rula muone kuchepa kwake. Ngati matayala onse anayi ali ndi disiki, mabautiwo alipo angati? Awiri, anayi, asanu ndi limodzi, asanu ndi atatu. Galimoto yonse, ndi anthu ali momwemo, ikudalira tizitsulo timeneti.

Kodi munaliyang'anitsitsapo bauti? Pemphani limodzi kwa amalume kapena kwa okonza njinga. Yambani ndi mutu wake. Werengani mbali zake. Mupeza zisanu ndi imodzi. Ndi pamene sipanala imagwira. Kenako onani thupi lake. Lili ndi timizere tozungulira, totchedwa mazinga. Timizereto tilipo tingati? Musafulumire kuyankha. Ikani chikhadabo m'kamzere ka pansi. Zungulitsani bautilo pang'onopang'ono. Chikhadabo chikukwera chokha mpaka pamwamba. Mwaona? Ndi mzere umodzi wokha, wautali, wodzikulunga!

Mukufuna kupanga mazinga anuanu? N'zosavuta. Dulani pepala kuchokera pa ngodya ina kufika pa ngodya ya kutsidya. Mwapeza pepala la ngodya zitatu. Pakani inki m'mphepete mwa mbali yopendekeka ija. Gonekani pensulo pa mbali yaifupi. Tsopano kulungani pepalalo pa pensuloyo mpaka lithe. Taonani mzere wa inki uja. Ukuzungulira uku ukutsika. Amenewo ndiwo mazinga. Nati ikamazungulira pa bauti, imakhala ikuyenda pa kamtunda kotere.

Nanga manambala amene ali pamutu pa bauti ndi a chiyani? Pena pamalembedwa 8.8. Pena 10.9, pena 12.9. Amanena mphamvu ya chitsulo chake. Nambala ikakhala yaikulu, bautinso ndi lolimba kwambiri. Wopanga galimoto satola bauti lililonse m'chitini n'kuika pa mabuleki. Amayamba wawerenga mutu wake.

Tsopano funso limene ndimalikonda. N'chifukwa chiyani bauti lomangidwa bwino limagwira nganganga? Yankho lake ndi lodabwitsa. Bauti limatamuka! Inde, chitsulo cholimba chija. Ukamalimanga, limatalika pang'ono kwambiri. Maso sangaone. Ganizirani mphira ya legeni. Mukaikoka, imafuna kubwerera. Bauti nalo likatamuka, limafuna kubwerera. Pofuna kubwererapo limakoka zitsulo ziwiri n'kuzipanikiza pamodzi. Galimoto ili phee m'galaja usiku, mabauti ake amakhala akukokabe. Sapuma. Sagona. Amakoka tsiku lonse, chaka chonse.

Ndiye ngati limakoka chotere, lingadzimasule lokha? Lingathe ndithu. Mdani wake wamkulu ndi kugwedezeka. Galimoto imagwedezeka nthawi zonse. Injini imanjenjemera. Matayala amagunda timiyala ndi maenje. Ku Germany kunali katswiri wina dzina lake Gerhard Junker. Iyeyu anafufuza nkhani imeneyi, ndipo analemba zimene anapeza mu 1969. Anamanga bauti pa makina ogwedeza. Anapeza kuti kugwedezeka kopita uku ndi uku, chopingasa, ndiko koopsa kwambiri. Zitsulo zikaterereka pang'ono chabe, mazinga nawo amaterereka. Bauti limabwerera m'mbuyo kachidutswa kakang'ono. Kenako kena. Kenako kenanso. Palibe dzanja limene lalikhudza, koma lamasuka. Mpaka lero mayeso a mtundu umenewu amatchedwa ndi dzina la Junker.

Kodi inu mungaone zimenezi ndi maso anu? Yesani. Pezani bauti loyera, lopanda dzimbiri, ndi nati yoyenda mosavuta. Ikani natiyo pakati pa bauti. Ligwireni choimika ndi zala ziwiri. Lembani kadontho pa nati kuti muziitsata. Tsopano ligogodeni m'mbali ndi supuni, mwachanguchangu. Go go go go! Yang'anani kadontho kaja. Ngati nati ili yomasuka bwino, muona ikusendera yokha. Werengani kuti mwagogoda kangati isanasunthe.

Kodi mdani ndi mmodzi yekha? Ayi, pali winanso, ndiye kutentha. Tikitani zikhatho zanu mwamphamvu. Zafunda, sichoncho? Timapadi tikamakhula disiki, pamatentha koposa pamenepo. Ku Le Mans, m'dziko la France, kuli mpikisano wa magalimoto wa maola 24. Usiku anthu amaona madisiki ali psuu, kufiira ndi moto. Chitsulo chikatentha chimafufuma pang'ono. Chikazizira chimabwerera. Lero chafufuma, mawa chabwerera. Bauti limene silinamangidwe bwino limafooka nazo zimenezi.

Nanga bwanji galimoto yopangira pakhomo imafuna kuiyang'anira kwambiri? Choyamba, zonse ndi zatsopano. Wopanga amakonda kupaka penti zitsulo zake kuti zikongole. Penti akakhala pansi pa mutu wa bauti, amaphwanyika pakapita masiku. Pamatsala kampata kosaoneka. Bauti lija lotamuka limabwerera pang'ono, ndipo kukoka kwake kumachepa. Chachiwiri ndi ichi. Galimoto ili ndi mabauti mazanamazana. Munthu amayamba walowetsa bauti ndi zala. Amati ndilimanga bwino ndikamaliza apa. Kenako amuitana kukadya. Mawa wayamba ntchito ina. Bauti lija latsala. Likuoneka bwinobwino, koma silinamangidwe. Kufakitale kuli makina ndi anthu ena oyendera ntchito ya anzawo. Pakhomo wopanga ndi yemweyo, woyendera ndi yemweyonso.

Kodi palibe womuthandiza? Alipo. Ku Britain galimoto yotere siloledwa kungolowa pamsewu. Imayamba yapita ku mayeso a boma otchedwa IVA. Woyesa amaizungulira yonse. Amasuzumira pansi. Amaika matayala pa makina kuti aone mphamvu ya mabuleki. Koma mayesowo ndi a tsiku limodzi. Masiku ena onse, maso ndi a mwini wake.

Kodi bauti lomasuka limalankhula? Limalankhula, koma mochedwa. Dalaivala akaponda mabuleki amamva kuti gu! kutayala. Akabwerera m'mbuyo n'kupondanso, gu! kachiwiri. Chimenecho ndi chopanira chikugwedera. Bauti limodzi likagweratu, chopaniracho chimapendekeka. Chikhoza kukhula m'kati mwa wilo. Chikhozanso kukoka kapaipi ka mafuta mpaka kuduka. Pamenepo mabuleki sagwiranso bwino. Ine sindifuna kuti wina aliyense afike pamenepo. N'chifukwa chake wopanga wanzeru sadikira phokoso. Amayang'ana lisanamveke.

Amayamba bwanji? Amaimika galimoto pamalo osatsetsereka. Amadikira mabuleki azizire kuti asapse manja. Amatsekera matayala ena ndi mitengo. Amakweza galimoto ndi jeke. Kenako amaika zochirikiza zachitsulo pansi pake, chifukwa jeke payokha ikhoza kuphonya. Apa ndimvereni bwinobwino. Mwana salowa pansi pa galimoto yokwezedwa. Ngakhale mpira wanu utagubudukira komweko, itanani wamkulu. Inu ntchito yanu ndi kuima chapatali, kugwira tochi ndi kuwerenga.

Tayala likachoka, amaona chiyani? Choyamba amawerenga mitu ya mabauti. Umodzi, iwiri. Yonse ilipo? Kenako amayang'ana ngati mutu wakhala pansi bwinobwino, popanda mpata. Amafunanso zizindikiro. Pamene chitsulo chakhala chikukhulana ndi chinzake pamanyezimira. Pena pamakhala kafumbi kofiirira. Akatero amagwira chopanira ndi manja awiri n'kuchigwedeza. Zopanira zina zinapangidwa kuti ziziterereka pang'ono, mwakachetechete. Koma chikamachita gwedegwede, n'kumalira, pamenepo pali nkhani.

Nanga amadziwa bwanji kuti bauti lalimba mokwanira? Dzanja lokha silidziwa. Dzanja la munthu wotopa limanena zina, la munthu wokhuta limanenanso zina. Choncho pali sipanala yapadera, yaitali, yokhala ndi manambala pa chigwiriro. Buku la galimotoyo limanena nambala ya bauti lililonse. Wopanga amatchera nambalayo pa sipanala. Amakoka pang'onopang'ono, osadzidzimutsa. Bauti likafika pamlingo wake, sipanala imalira kuti thi! Akamva kamodzi, amasiya pomwepo. Tangoganizani, sipanala yodziwa kunena kuti basi, zakwana!

Bwanji osangomanga ndi mphamvu zonse? Mwina wina wa inu wafunsa kale zimenezi. Funso labwino! Bauti likatamuka mopitirira, silibwereranso. Limafooka, ndipo tsiku lina limaduka. Pena mazinga amadyeka, bauti n'kumangozungulira osagwira. Munatsekapo botolo mwamphamvu mpaka chitsekerero n'kulumpha? Mazinga ake anali atagonja.

Tsopano tafika pa chinthu chimene chimandisangalatsa kuposa zonse. Kodi munthu angadziwe bwanji mawa kuti bauti silinasunthe? Kodi azingomanganso tsiku lililonse? Ayi. Amatenga cholembera cha penti wowala, wachikasu kapena woyera. Sipanala ikangolira thi, amajambula kamzere kamodzi. Kamayambira pamutu pa bauti. Kamatsikira pa chitsulo chimene bautilo lagwira. Basi, kamzere kowongoka. Bauti likazungulira, mutu umapita ndi theka la kamzereko. Theka linalo limatsala pamalo pake. Kamzere kathyoka! Chinthu chimene chimachitika mobisa chija tsopano chili poyera. Ngakhale mwana wa sitandade 1 akhoza kuloza n'kunena kuti apa pasuntha. Ndipo kamzereka kali ndi ntchito inanso. Bauti lopanda penti ndiye kuti silinamangidwe. Lija loiwalika pa nthawi ya chakudya lija limagwidwa pompo.

Kodi tiyese? Tengani botolo lapulasitiki lopanda kanthu. Litsekeni bwino. Jambulani mzere umodzi kuchokera pa chitsekerero kutsikira pa khosi la botolo. Tsopano sewerani ndi mnzanu. Inu mutembenuke. Iye asankhe, kumasula pang'ono kapena kusiya osakhudza. Mukacheuka, musagwire botolo. Yang'anani mzere wokha. Wathyoka kapena uli bwino? Chitani kakhumi, mulembe kuti mwakhoza kangati. Kenako pukutani mzerewo muyesenso popanda mzere. Muona kusiyana kwake.

Kodi kamzere kamanena zonse? Ayi, ndipo ndi bwino mudziwe. Kamangonena ngati bauti lazungulira. Mukukumbuka penti wophwanyika uja? Pamenepo bauti limafooka lisanazungulire n'komwe. Kamzere kamakhala kali chiwongokere. Choncho galimoto yatsopano ikayenda maulendo oyamba, mwini wake amabwereranso ndi sipanala yolira ija. Amayendera mabauti amene buku lanena, limodzilimodzi.

Nanga pali njira yoletsa bauti kuti lisazungulire? Zilipo, ndipo n'zanzeru. Ina ndi guluu wapadera. Amadontheza kadontho pa mazinga asanamange. Guluuyu ndi wodabwitsa. Ali m'botolo lake sauma. Amauma akabisika pakati pa zitsulo, pamene mpweya sufika. Bauti la guluu salipotokola pongofuna kuona ngati lalimba, chifukwa guluuyo angasweke. Apa kamzere ka penti kamathandiza kwambiri. Umangoyang'ana, osakhudza. Njira ina ndi waya. Amaboola kabowo pamutu pa bauti n'kupisamo waya woonda. Amaupota bwino n'kuumangirira pa bauti linzake. Amaukoka mbali yomangira. Bauti likafuna kumasuka, waya umakana. Njira imeneyi amaigwiritsanso ntchito pa ndege ndi pa magalimoto a mpikisano. Inu amene mumapota mawaya, manja anu akudziwa kale chiyambi cha ntchito imeneyi.

Kodi nzeru ya kamzere ija mungaione pamsewu? Mukhoza kuiona. Mukaona lole yaikulu kapena basi itaima, yang'anani matayala ake muli chapatali. Ena ali ndi timapulasitiki tosongoka pa manati, tachikasu kapena tobiriwira. Timaikidwa molozana bwino, mwadongosolo. Nati imodzi ikamasuka, kapulasitiki kake kamaloza kwina. Dalaivala akamazungulira lole m'mawa amaona msanga. Amenewo ndi manati a tayala, si a mabuleki. Koma nzeru yake ndi yomweyo. Werengani kuti tayala limodzi lili ndi manati angati.

Nanga inu, muli ndi mabuleki oti muyendere? Ngati pakhomo pali njinga, muli nawo. Pemphani mwini wake muchitire limodzi. Imani pambali pa njinga. Finyani buleki ya kutsogolo. Kankhani njinga kutsogolo, muibweze, muikankhenso. Mverani ndi khutu. Mukumva gwedegwede? Tsopano weramani muone timabuleki ta labala tija. Kalikonse kali ndi nati yake. Kagwireni ndi zala mukagwedeze. Kayenera kukhala nji, koyang'ana bwino pa limu, kosakhudza tayala. Chitaninso chimodzimodzi kumbuyo. Ngati kena kakugwedera, njingayo iyambe yaonana ndi sipanala musanakwere. Wamkulu akamanga, inu jambulani kamzere kanu pa nati.

Muli pomwepo pa njinga, kodi mukudziwa chinsinsi cha mapedulo? Mabauti ambiri amamangidwa powazungulitsa mmene imayendera mivi ya wotchi. Pedulo ya kumanja imatsata lamulo limeneli. Koma ya kumanzere ndi yosiyana. Mazinga ake anatembenuzidwa dala. Chifukwa chiyani? Munthu akamapalasa, chitsulo cha pedulo chimasendera pang'onopang'ono m'bowo lake. Kumanja, kusenderako kumaimanga. Kumanzere, kukanaimasula. Choncho opanga njinga anatembenuza mazinga a mbali imeneyo, kuti kupalasa kuziimanga m'malo moimasula. Yang'anani kunsonga kwa chitsulo cha pedulo. Pa njinga zambiri mupeza chilembo L pa ya kumanzere ndi R pa ya kumanja. Mukapita kwa okonza njinga, apempheni akuonetseni mapedulo awiri ali pambalipambali. Muone mmene mazinga ake apendekera, ena uku, ena uko.